Adani a bizinesi obisala m'botolo ndi pansi pa poto

Pamabenchi a m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu masiku ano pali katundu amene zaka zapitazo ankapezeka m'masitolo akuluakulu mokha. Pali mabotolo a achali wa mango, tsabola wa kambuzi woviikidwa m'mafuta, adyo wosinja, jamu, ngakhalenso nsomba zowamba zotsekeredwa m'mapepala apulasitiki. Ambiri mwa opanga zinthuzi ndi amayi ndi achinyamata amene adazindikira kuti mango ndi tomato zikachuluka mtengo umagwa, ndipo amene wasunga mpaka miyezi yosowa ndiye amapha makwacha. Nzeru imeneyi ndi yabwino ndipo ikudyetsa mabanja.

Chodetsa nkhawa ndi chikhulupiriro chimene chimayenda limodzi ndi bizinesiyi, choti chakudya chimaonongeka chifukwa cha mpweya basi, kotero kuti munthu akachitseka zolimba kapena kuthira mafuta pamwamba pake, nkhani yatha. Pa chuku ndi tizilombo tambiri towoletsa chakudya, zimenezo n'zoona ndithu. Koma pali gulu lina la mabakiteriya limene limadana ndi mpweya wa okosijeni. Kwa mabakiteriya amenewa, botolo lotsekedwa bwino ndi nyumba yosalipira lendi. Awiri mwa iwo, Clostridium perfringens ndi Clostridium botulinum, amakhudza aliyense wogulitsa chakudya chophika kapena chosunga. Woyambayo amathamangitsa makasitomala. Wachiwiriyo amapha.

Amakhala bwanji opanda mpweya?

Munthu, mbuzi ndi nkhuku zimapeza mphamvu potentha chakudya m'thupi pogwiritsa ntchito okosijeni, monga mmene makala amayakira pambaula. Mphepo ikasiya kulowa, moto umazima. Mabakiteriya a gulu la Clostridium sayenda njira imeneyo. Iwo amasasitsa chakudya, zofanana ndi zimene zimachitika mu thobwa kapena chambiko. Amaphwanya shuga ndi mapuloteni n'kulekera panjira, n'kutengapo kamphamvu kochepa kamene kamawakwanira. Zotsalira zake ndi asidi komanso mpweya wa mitundu ina monga hydrogen ndi carbon dioxide. Mpweya umenewu ndi umene umatupitsa chitini kapena kufufumitsa pepala la soseji.

Katswiri wa ku France, Louis Pasteur, ndi amene adaonetsa m'chaka cha 1861 kuti pali tamoyo tina totha kukhala popanda mpweya. Chifukwa chake chidadziwika pambuyo pake. Okosijeni akalowa m'thupi la chamoyo chilichonse amasiya timankhwala towononga, ngati mmene chinyezi chimasiyira dzimbiri palata. Zamoyo zopuma mpweya zili ndi zida zochotsera timankhwalato, pomwe mabakiteriyawa ali nazo zochepa kwambiri. N'chifukwa chake kwawo ndi m'dothi, m'matope a pansi pa nyanja ndi mitsinje, komanso m'matumbo a ziweto ndi nsomba.

Funso ndi lakuti amafika bwanji pabenchi ya wamalonda, pamene dziko lonse ladzaza ndi mpweya umene amadana nawo. Zinthu zikawaipira, mabakiteriyawa amadzikulunga m'chikhungwa cholimba n'kusanduka tinjere tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha ma spore. Mlimi wa chimanga angamvetse msanga akaganizira kaufiti. Njere zake zimagona m'nthaka zaka zambiri osamera, kudikira kuti muzu wa chimanga udutse pafupi. Tinjere ta Clostridium nato sitidya, sitiswana, ndipo sitiopa dzuwa, mpweya kapena chilala. Timabwera ndi fumbi la pa adyo, dothi la pa karoti, nyama yokhudzana ndi zam'matumbo pophera, ngakhale mphepo ya mu Okutobala. Munthu wamkulu amameza tinjere totere kawirikawiri osadwala. Vuto limayamba tikadzuka m'chakudya.

Apa ndi pamene kuphika kumachita zinthu zosayembekezereka. Moto umapha mabakiteriya wamba onse amene akadalimbirana chakudya ndi Clostridium. Kuwira kumathamangitsa mpweya umene udali m'madzi ndi mu msuzi. Kutentha komweko kumadzutsa tinjere tija, timene sitifa pamoto wa mbaula. Chakudya chikayamba kuzizira, bwalo limakhala lolambulidwa kale: mpweya mulibe, wopikisana naye palibe, ndiwo zili mbwee.

Poto wa dzulo

Aliyense wodziwa bizinesi ya chiimilire amadziwa mmene tsiku limayendera. Nyemba zimatelekedwa kusanache kapena dzulo lake madzulo, chifukwa zimadya makala ndi nthawi. Nyama ya ng'ombe, zam'kati ndi nkhuku zimaphikidwa m'mapoto akuluakulu, n'kuphulidwa cha m'ma 10 koloko kuti pambaula papite nsima. Makasitomala amayamba kufika masana, ena madzulo. Zikatsala, palibe amene amafuna kutaya mpamba. Poto amavindikiridwa bwinobwino kudikira mawa.

Clostridium perfringens amakonda poto wotereyu. Pamwamba pa msuzi pamazizira msanga, koma pakati ndi pansi pa poto wa malita 20 pamakhala pofunda maola ambiri, ndipo mafuta oyandama pamwamba amatsekereza mpweya. Bakiteriyayu amaswana mwachangu kwambiri kutentha kukakhala pakati pa madigiri 43 ndi 47, ndipo zinthu zikamuyendera amatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 10 zokha. Wamalonda wodziwa katapila angawerenge yekha. Bakiteriya mmodzi amakhala 64 pakatha ola limodzi, 4,096 pakatha maola awiri, ndipo pakatha maola anayi amapitirira 16 miliyoni. Palibe poto amene amayamba ndi mmodzi yekha. Ku Nsanje ndi Chikwawa, kumene kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, poto wophulidwa amangokhala m'chigawo choopsacho tsiku lonse.

Ndiwo zoterezi kawirikawiri sizinunkha ndipo kakomedwe kake sikasintha. Kasitomala amadya, kulipira, n'kumapita akuyamikira. Mabakiteriya aja akafika m'matumbo ake amayamba kusandukanso tinjere, ndipo pochita zimenezo amatulutsa poizoni amene amaononga khungu la m'kati mwa matumbo. Pakatha maola 6 mpaka 24, munthuyo amamva kupotokola m'mimba ndi kutsegula kwa madzimadzi, nthawi zambiri popanda kusanza kapena kutentha thupi. Ambiri amachira pakatha tsiku limodzi, ngakhale kwa okalamba, ana aang'ono ndi odwala kale zimatha kufika poipa.

Chifukwa choti matendawa amatha msanga, ndi ochepa amene amapita nawo kuchipatala, ndipo ochepetsetsa amene amabwerera kukadandaula kwa wogulitsa. Amangosintha kodyera. Madalaivala a minibasi kapena amakaniko a pagalaja imodzi akadwala usiku umodzi atatu, mawa lake nkhani imakhala itafika depoti yonse. Mwini malo amangoona mbale zikuchepa, n'kuyamba kukayikira mnzake wa benchi yoyandikana kuti wamuchita chipongwe, pamene wolakwa ali pansi pa poto wake yemwe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera maola opitirira awiri. Chizikhala chotentha kupitirira madigiri 60 kapena chozizira kutsika madigiri 5. Kwa wophika wopanda chida choyezera kutentha, tanthauzo lake ndi lakuti poto wa ndiwo azikhala pamoto wapang'ono, nthunzi ikutuluka, ndipo azitakasidwa mpaka pansi nthawi ndi nthawi. Izi zikufuna mbaula yachiwiri ndi makala owonjezera, ndipo ambiri amaona ngati kuononga ndalama. Koma mtengo wa kajumbo ka makala sungafanane ndi kutaya makasitomala khumi amene amadya pamalopo tsiku ndi tsiku.

Njira ina ndi kuphika kawiri, poto wam'mawa ndi wamasana, m'malo mwa chimpoto chimodzi cha tsiku lonse. Zotsala zimachepa ndipo ndiwo zimaoneka zatsopano. Amene ali ndi firiji asaikemo poto wathunthu, chifukwa pakati pake padzakhalabe pofunda mpaka pakati pa usiku. Ndiwo zigawidwe m'mabakuli osaya kuti zizizire msanga. Potenthetsa m'mawa, msuzi uwire ndithu mpaka pakati. Kungofunditsa kuli ngati kupatsa mabakiteriya mwayi wachiwiri.

Pali chizolowezi china chofala pakati pa operekera chakudya m'maofesi ndi m'malo omangapo nyumba, chosunga mbale zotentha mu cooler box. Bokosilo silitenthetsa chakudya, limangochedwetsa kuzizira. Kwa ola limodzi kapena awiri limathandiza. Kupitirira apo limasunga chakudya pa kutentha komwe bakiteriya amafuna.

Mpunga uli ndi mdani wakewake, Bacillus cereus, amene amakhala ndi mpweya kapena popanda mpweya. Ameneyu amatulutsa poizoni wake mu mpunga momwemo ukagona poyera, ndipo poizoniyo safa ngakhale mpungawo ukazingidwenso. Wodya amayamba kusanza pasanathe maola 6. Mpunga wogona kunja kwa firiji ndi wotaya basi.

Poizoni wa m'botolo

Dzina la matenda a botulism lidachokera ku mawu a Chilatini akuti botulus, kutanthauza soseji. Dokotala wa ku Germany, Justinus Kerner, adalemba za anthu ofa ziwalo atadya masoseji m'zaka za m'ma 1820, koma choyambitsa chake sichinkadziwika. Mu 1895, gulu la oimba m'mudzi wa Ellezelles ku Belgium lidadya nyama ya nkhumba yosungidwa mumchere litachoka koimba pamaliro. Ambiri adadwala ndipo atatu adamwalira. Katswiri wotchedwa Émile van Ermengem adapima nyamayo n'kupeza bakiteriya amene lero amatchedwa Clostridium botulinum.

Kusiyana kwake ndi wa m'poto uja ndi kwakuti uyu amatulutsiratu poizoni m'chakudya chisanadyedwe, ndipo poizoni wake ali m'gulu la oopsa kwambiri odziwika padziko lapansi. Kulawa chabe ndi nsonga ya supuni kungadwalitse munthu. Akalowa m'magazi amapita pamene mitsempha imakumana ndi minofu, n'kutseka njira yotulukira mankhwala otchedwa acetylcholine, amene amanyamula uthenga wouza mnofu kuti ugwire ntchito. Ubongo umatumiza uthenga koma mnofu suumva. Poizoni yemweyu, atasungunulidwa kwambiri, ndi amene madokotala amabaya anthu pofuna kufafaniza makwinya pankhope, pa dzina la Botox.

Zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakatha maola 12 mpaka 36, ngakhale zimatha kuchedwa masiku angapo. Zimayambira kumutu kutsikira kumunsi. Munthu amaona zinthu mwachimbuuzi kapena ziwiriziwiri, zikope zimalemera n'kugwa, m'kamwa mumauma, lilime limalemera ndipo kumeza kumavuta. Kenako manja amafooka, ndipo pomaliza minofu yopumira imasiya kugwira ntchito. Thupi silitentha, ndipo wodwala amakhala akudziwa zonse zomuchitikira. N'zosavuta achibale kuganiza kuti ndi sitiroko, kuledzera, kapena kuti wina wamuthirira mankhwala, ndipo wogulitsa chakudya ndi amene amayamba kulozedwa chala. WHO imati pa anthu 100 odwala matendawa, 5 mpaka 10 amamwalira. Opulumuka ambiri amafunika mankhwala apadera othana ndi poizoniyo, ena makina owathandiza kupuma kwa milungu kapena miyezi.

Matendawa sagwa kawirikawiri, koma akagwa amagwera anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo nthawi zambiri gwero lake limakhala chakudya chosungidwa pakhomo kapena pabizinesi yaing'ono. Mu 2006, m'chigawo cha Nan ku Thailand, anthu opitirira 150 adadwala atadya mphukira za nsungwi zosungidwa m'zitini pamudzi, ndipo oposa 40 adaikidwa pamakina opumira. Mu Seputembala 2023, ku Bordeaux m'dziko la France, nsomba za sardine zimene mwini lesitilanti adadzisungira yekha m'mabotolo zidadwalitsa anthu 15 ndipo mmodzi adamwalira. Ngati chipatala cha dziko lolemera chimatekeseka ndi odwala otere, wamalonda wa kuno aganizire za chipatala cha boma lake ndi makina opumira amene chili nawo.

Kuti bakiteriyayu adzuke n'kupanga poizoni pamafunika kuti mpweya usakhalepo, chakudya chikhale chonyowa, chosawawasa, chopanda mchere wambiri, ndiponso chisakhale pozizira kwambiri. Wosunga chakudya amangofunika kutseka khomo limodzi mwa amenewa motsimikiza. Chachisoni n'chakuti ambiri amakhulupirira moto, umene pa nkhani iyi suthandiza mokwanira. Tinjere ta botulinum timapirira madzi owira kwa maola angapo. Mafakitale opanga zakudya zam'zitini amagwiritsa ntchito makina a nthunzi yopanikizidwa kuti pakati penipeni pa chitini pafike madigiri 121 kwa mphindi zosachepera zitatu. Poto wamba sangafike pamenepo ngakhale athere thumba lonse la makala. Ku Lilongwe, komwe ndi kokwera mamita opitirira 1,000, madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97 okha, ndipo ku Dedza amawira asanafike n'komwe pamenepo. Choncho kuwiritsa mabotolo a nyemba, nandolo, nyama kapena nsomba m'poto n'kuwaika pashelefu ndi malonda osayenera kuyamba.

Khomo losavuta kutseka ndi la asidi. Kuwawasa kwa chakudya kumayezedwa ndi mlingo wa pH, ndipo nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka. Botulinum sakula m'chakudya chimene pH yake ndi yotsika kuposa 4.6. Apa ndi pamene achali wa mango osakhwima amapulumukira, chifukwa mango aawisi ndi owawasa mwachibadwa. Koma mango akayamba kupsa asidi amachepa. Karoti, zitheba, kabichi, anyezi, tsabola wamuwisi ndi adyo zilibe asidi wokwanira, ndipo tomato ali m'malire moti amafunika kumuthira mandimu kapena viniga. Wopanga achali akawonjezera karoti wambiri kuti botolo lidzaze msanga, n'kuchepetsa viniga chifukwa wakwera mtengo, wasintha zambiri kuposa kakomedwe.

Viniga woyenera ndi wolembedwa kuti ali ndi asidi 5 peresenti, ndipo madzi osakaniza nawo asachuluke kuposa vinigayo. Masamba adulidwe ting'onoting'ono ndi kukhala mu viniga mpaka asidi alowerere m'kati, mafuta azibwera pambuyo. Mafuta akayamba ndiwo, amakuta zidutswazo ndipo asidi salowa. Lilime siliyeza pH, makamaka pamene tsabola akuyabwa m'kamwa. Timapepala toyezera pH kapena kamakina kake n'zofunika kwa aliyense wopanga zam'mabotolo, ndipo gulu la opanga angapo litha kusonkherana n'kugula kamodzi.

Adyo wa m'mafuta ndi wofunika kumutchula payekha, chifukwa anthu ambiri amakhulupirira kuti adyo amapha tizilombo tonse. Adyo amakula m'dothi momwe muli tinjere tija, ndi wonyowa m'kati, alibe asidi, ndipo mafuta amamutsekera mpweya. Mu 1985, anthu 36 adadwala botulism atadya mu lesitilanti ina ku Vancouver m'dziko la Canada, ndipo gwero lake lidali botolo la adyo wodulidwa woviikidwa m'mafuta a soya limene silinkasungidwa mufiriji. Kuchokera mu 1989, boma la America limalamula kuti adyo wa m'mafuta wogulitsa azithiridwa asidi. Wopangidwa pakhomo popanda asidi ayenera kukhala mufiriji ndi kutha m'masiku anayi, kutanthauza kuti si katundu woika pabenchi padzuwa. Kambuzi wamuwisi wa m'mafuta ali m'gulu lomweli. Wofuna kugulitsa mafuta a tsabola agwiritse ntchito tsabola wouma gwa, chifukwa popanda madzi bakiteriya sadzuka. Chimodzimodzi chiponde, chimene vuto lake lalikulu ndi chuku cha mtedza osati botulinum.

Nsomba m'pulasitiki

Usipa, utaka kapena matemba ouma bwino alibe vuto limeneli, ndipo makolo adadziwa chimene ankachita poyanika pathandala mpaka nsomba ithyoke ikapindidwa. Zasintha ndi mapaketi. Ogulitsa ambiri tsopano amatsekera chambo ndi mlamba wowamba m'mapepala apulasitiki, ena ndi makina ochotsa mpweya, kuti katundu aoneke wapamwamba kapena ayende ulendo wa ku Johannesburg osanunkhitsa basi. Nsomba yowamba pang'ono imalemera, imafewa ndipo imakopa ogula, koma m'kati imakhala yonyowa. Mtundu wa botulinum wopezeka m'nsomba umatha kukula ngakhale pa madigiri 3, ndiponso sununkhitsa chakudya. Paketi imaletsa mabakiteriya owoletsa, amene fungo lawo likadachenjeza wogula, n'kusiya woopsayo akugwira ntchito mwakachetechete.

Kusatumbula kumawonjezera ngozi chifukwa tinjere timakhala m'matumbo a nsomba. Mu Epulo 1991 ku Cairo m'dziko la Egypt, anthu 91 adagonekedwa m'chipatala ndipo 18 adamwalira atadya faseikh, nsomba yamchere yosatumbula. Nsomba yaikulu itumbulidwe isanawambidwe. Ikakhala yofewa ikhale m'dengu kapena m'katoni modutsa mphepo ndi kugulitsidwa msanga, kapena iumitsidwe mufiriji mpaka ichite gwa. Yoyenera paketi yotseka pashelefu ndi youma kotheratu.

Ogulitsa masoseji ndi poloni akumbukire zimene zidachitika ku South Africa mu 2017 ndi 2018, pamene anthu opitirira 1,000 adadwala listeriosis ndipo oposa 200 adamwalira, ambiri a iwo makanda. Gwero lidapezeka kuti ndi poloni wochokera kufakitale ina ku Polokwane, ndipo Malawi adali mmodzi mwa maiko amene adaletsa nyama zoterezi kulowa. Bakiteriya wa Listeria amakhala ndi mpweya kapena popanda mpweya ndipo amaswana pang'onopang'ono ngakhale mufiriji. Magetsi akazima tsiku lonse amafulumira. Paketi ya soseji yofufuma kapena yoterera m'kati si yotsitsa mtengo kuti ituluke msanga, ndi yochotsa pamalonda.

Zitini zotsika mtengo

Kumalo opikulitsa katundu kumapezeka makatoni a zitini zopindika, zadzimbiri kapena zochoka mapepala, zogulitsidwa pamtengo wonyengerera. Kwa mwini okala kapena golosale yaing'ono, phindu lake limaoneka lokoma. Mu 2002 ku South Africa, ana awiri apachibale, wa zaka 12 ndi wa zaka 8, adamwalira ndi botulism atadya nsomba zam'chitini za msuzi wa tomato. Ofufuza adapeza kuti chitinicho chidaonongeka ndi dzimbiri, zomwe zidapereka mpata woti tizilombo tilowe.

Kabowo kosaoneka ndi maso n'kokwanira kulowetsa tinjere, pamene m'kati mwa chitini mumakhalabe mopanda mpweya. Kupindika kwakung'ono pamimba pa chitini sikudetsa nkhawa kwenikweni. Koopsa ndi kupindika kwa m'mphepete, pamsoko wa chivindikiro, kapena kwakuya kosiya ngodya yakuthwa. Dzimbiri lochoka popukuta ndi nsalu ndi lapamwamba chabe, koma losiya timaenje lalowa. Chitini chotupa, chodontha, chobwerera chikasindikizidwa pamwamba, kapena chothovoka potsegula ndi chotaya osalawa. Si chitini chotupa chilichonse chimene chili ndi botulinum, ndiponso si chapoizoni chilichonse chimene chimatupa, choncho maso okha sangapereke chitsimikizo chonse. Chothandiza ndi kukana katundu woonongeka pooda pomwepo, kusunga makatoni pamwamba osati pasimenti yonyowa, kuwateteza kudzuwa ndi denga lodontha, komanso kugulitsa akale atsopano asanatsegulidwe.

Zotayazo zisaperekedwe kwa nkhuku, abakha, agalu kapena nkhumba. Mbalame zimafa ndi poizoni yemweyu, khosi lili lende. Zisatayidwenso padzala poonekera pomwe ana angatole. Zikulungidwe bwino n'kukwiriridwa mozama. N'zoona kuti poizoni wa botulinum amafa chakudya chikatenthedwa kupitirira madigiri 85 kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo, ndipo mwina n'chifukwa chake chizolowezi chowiritsa ndiwo musanadye chateteza mabanja ambiri osadziwa. Koma achali, tsabola wa m'botolo ndi nsomba zam'chitini anthu amadya osatenthetsa, ndipo wogulitsa sangadalire kuti wogula akaphika.

Ogulitsa uchi ali ndi uthenga umodzi wofunika kuuza amayi. Uchi umatha kukhala ndi tinjere ta botulinum. Mu uchimo sitingadzuke chifukwa shuga ndi wochuluka, ndipo kwa wamkulu n'topanda vuto. Koma m'matumbo a mwana wosakwana chaka chimodzi timatha kumera n'kupanga poizoni. Mwanayo amadzimbidwa, amalephera kuyamwa, amalira mofooka ndipo khosi limalendewera. Uchi, ngakhale weniweni wochokera kumng'oma, usapatsidwe kwa mwana wosakwana miyezi 12, kaya pofuna kuchiza chifuwa kapena kutsekemeretsa phala.

Chizindikiro, lebulo ndi kope

Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, limayeza zakudya ndi kupereka chizindikiro chake kwa opanga okwaniritsa miyezo. Opanga ang'onoang'ono ambiri amaliona ngati chopinga chodya nthawi ndi ndalama, ndipo madandaulo ena ndi omveka. Komabe masitolo akuluakulu amafuna chizindikirocho asanalandire katundu, ndipo kuyezetsa ndi njira yodziwira ngati kapangidwe ka munthu n'kotetezeka asanadzaze mabotolo 500. Alangizi a zaumoyo a kukhonsolo nawonso angathandize pa za kasungidwe ka chakudya chophika. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaika udindo pa wogulitsa, ndipo kunena kuti katunduyo adangomuoda kwa wina sikubweza mbiri yoonongeka.

Chimene aliyense angayambe lero popanda kulipira kanthu ndi kope. Tsiku lililonse lopanga lilembedwe, pamodzi ndi kuchuluka kwa mango, masamba, viniga ndi mchere, nambala ya pH, chiwerengero cha mabotolo ndi kumene apita. Tsiku lomwelo lilembedwe palebulo ya botolo lililonse, pamodzi ndi nambala ya foni ya wopanga ndi mawu ouza wogula kuti asunge mufiriji akatsegula. Mabotolo a mayonesi ogwiritsidwanso ntchito atsukidwe ndi kuwiritsidwa, ndipo zivindikiro zadzimbiri kapena zopindika zisinthidwe.

Kasitomala akadandaula kuti akuona ziwiriziwiri, zikope zikugwa kapena akulephera kumeza atadya zam'botolo, zam'chitini kapena zam'paketi, apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo adokotala auzidwe chimene adadya. Mankhwala othana ndi poizoniyu amangogwira amene akadali m'magazi, sabweza mitsempha imene yagwidwa kale, choncho ola lililonse lochedwa limawonjezera ziwalo zofooka. Onse amene adadya nawo apite limodzi ngakhale akumva bwino. Botolo kapena chitinicho chitsekedwe mu jumbo n'kupita nacho kuti chikayezedwe. Wopanga atsegule kope lija, aone mabotolo ena a tsiku lomwelo kumene adapita, ndipo aimbe mafoni kuti achotsedwe pamashelefu dzuwa lisanalowe.